Za Kupsa kwa Gasiketi ya Galimoto

Ambiri a ife sitidzagula galimoto, komabe tonse timakwera ya mnzathu pa tsiku la ukwati, la matenda, kapena la maliro. Cifukwa cace nkoyenera kuti tidziweko nthenda imodzi yogwira magalimoto akale a anthu omveka, imene amakaniko amati "gasiketi yapsa."

Titenge Mercedes-Benz 300E, imene anayamba kuipanga ku Germany m'caka ca 1985. Injini yace iri ndi zipinda 6 zopseramo petulo. Thunthu lace la pansi nla citsulo, koma mutu wobvundikira pamwamba ngwa aluminiyamu, monga mapoto athu ophikira. Pakati pa ziwirizi amagonekapo gasiketi, kanthu kopyapyala ka ziboo zambiri, ndipo nchito yace ndiyo kulekanitsa moto, madzi ndi oyilo, pakuti zitatuzi zimayenda moyandikana ndithu. Ana a m'kalasi langa ndimawaphunzitsa kuti citsulo cikatentha cimafutukuka; tsono aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa citsulo. Injini ikatentha kopitirira muyeso, mutu uja umapindika pang'ono, gasiketi nilekeza kugwira.

Mnzanga wina, mphunzitsi wopuma, anagula galimoto yotere ndi ndalama zace zopumira nchito, nakondwera kuti mtengo unali wocepa. Tsiku lina paipi ya madzi inang'ambika pa citunda, ndipo iye, poona kuti kwao kwayandikira, sanaime. M'mawa mwace utsi woyera unalikuturuka kumbuyo, m'redieta munali thobvu, ndipo oyilo anaoneka ngati tiyi wothira mkaka.

Ine ndinapenyerera makaniko alikuikonza pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinazizwa kuona kuti kuika gasiketi yatsopano kunali nchito ya kanthawi cabe. Masiku onse anathera pa zina. Asanacotse cheni coyendetsa mavavu anayamba walemba zizindikiro, pakuti cikabwerera molakwika mapisitoni akhoza kugunda mavavu. Atanyamula mutu, anagonekapo citsulo coongoka, nalowetsa timalata topyapyala pansi pace kuti aone popindika. Mutuwo unapita ku tauni kukaupala pa makina. Ndipo kupala kuli ndi malire ace, ukapitirira pamenepo ugule mutu wina. M'ziboo za mabauti anapukutamo mpaka kuuma, cifukwa oyilo wotsalamo akapanikizidwa angathe kung'amba thunthu.

Koma cimene cinandikondweretsa koposa ndico kumanga kwa mabauti 14 aja. Munthu wosadziwa angayambe kumapeto nkumanka motsatana, monga timangira mipanda. Iye anayamba pakati, namka nazungulira kunja, pang'ono pang'ono, ndi sipanala yoyesa mphamvu. Pambuyo pace anapotoza bauti liri lonse theka la theka la kuzungulira, nabwerezanso kaciwiri. Mabauti otere amatamuka powamanga, kotero kuti akale ayenera kuyesedwa utali wao, ndipo otalika amatayidwa. Mnzanga anadandaula kuti zitsulo zooneka zabwinobwino zitayidwe bwanji, koma makaniko anati, "Aphunzitsi, mukafuna kuti tibwezeremo zomwezi, cotsani galimotoyi muikankhire kwa wina." Pamenepo ndinamlemekeza munthuyo.

M'kuganiza kwanga, amene asintha gasiketi naleka kufuna cimene cinaitentha wangotaya ndalama. Apa anasintha mapaipi onse ouma, natsuka redieta, nayesa pampu ya madzi ndi kacitseko kamene kamatseguka madzi akatentha. Analetsanso kuthira madzi okha a pa mjigo, pakuti amadya aluminiyamu ndi kusiya mcere m'njira za madzi; ayenera kusanganizidwa ndi mankhwala oziziritsa injini.

Powerengera zonse, gasiketiyo inali pakati pa zinthu zocepa mtengo. Zotsalazo zinadya mbuzi zitatu za mnzangayo, ndi cimanga cimene anasungira kugulitsa mwezi wa January.