Kalata kwa Mdzukulu Wanga Wokonda Tindege

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Amayi ako andiuza kuti kandege kako ka balsa kakumadzutsa mphuno, n'kuima m'malere, kenako n'kugwa. Usakataye. Kandege kotere sikauluka bwino tsiku loyamba. Kamafuna munthu wodekha woti akawongolere.

Yamba ndi kulemera. Koleka kaye mphira wake wozunguza pulopela, pakuti nawonso ndi katundu, ndiye ukakhazike pa zala ziwiri kunsi kwa phiko, upeze pamene kutsogolo ndi kumbuyo kukufanana. Pamenepo pagwirizane ndi pomwe pulani yako yasonyeza. Kukalemera kumchira, usathamangire kumata dongo pamphuno, koma sunthira phiko kumbuyo pang'ono. M'gulu la mpikisano la F1D mapiko sapitirira masentimita 55, kandege kopanda mphira sikachepera magalamu 1.4, mphira wake sapitirira magalamu 0.4. Pa msinkhu umenewo ngakhale dontho la guluu limamveka.

Ukatero, pota mphira pang'ono chabe, utseke zitseko ndi mawindo a holo imene ukuulutsiramo, ukatulutse m'manja mofatsa, osakaponya. Kakadzutsanso mphuno, tsitsa kamtengo kakutsogolo kogwira phiko ndi theka la milimita. Kakamalowa pansi chamutu, kweza kamtengo komweko. Chinsinsi chagona pa kusiyana kwa kapendekedwe ka phiko ndi ka mchira. Alphonse Pénaud anachizindikira kale mu 1871, pamene kandege kake ka mphira kanauluka masekondi 11 ku Paris popanda wokagwira.

Pulopela ikamazungulira imakankhira thupi la kandege kumanzere, ndipo mphamvuyo imakula mphira ukapotedwa kwambiri. Usalimbane nayo. Lola kandege kazizungulira kumanzere komweko, koma upinde mchira pang'ono kuti bwalo lake likwane m'holo. Phiko lakumanzere likhale lotalikirapo, ndipo m'mphepete mwake mwakutsogolo mukwere pang'ono, kuti lisamire pokhota.

Chimene ndikufuna usunge mumtima n'chakuti uzisintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Zili ngati mchere m'ndiwo: umathira pang'ono, n'kulawa, usanathirenso. Ukasuntha phiko, mchira ndi pulopela nthawi imodzi, ngakhale kauluke bwino sudzadziwa chimene chathandiza. Khala ndi kabuku, uzilemba chimene wasintha, kuchuluka kwa mapotedwe a mphira ndi nthawi imene kakhala m'mwamba.

Akatswiri amachitanso zomwezi. Ku Slănic, m'dziko la Romania, amapikisana mumgodi wa mchere umene denga lake lili pamwamba kuposa mamita 50, ndipo tindege tawo timakhala m'mwamba mphindi zoposa 20. Amayenda mwakachetechete poopa kuti mphepo ya thupi lawo ingasokoneze kandege ka mnzawo. Ulemu umenewo uuphunzire ukadali wamng'ono.

Ukakayesanso undilembere, undiuze chimene wasintha ndi mmene kaulukira. Upereke moni kwa onse kunyumbako.

Ndine agogo ako okukonda.