Usiku umene mageti a ku Sunnyside adatsekukira pamodzi

Ku Sunnyside ukhoza kuyenda msewu wonse osamva mwana akulira. Mipanda ndi yaitali, pamwamba pali waya wamagetsi, ndipo agalu umangowamva kuuwa osawaona. Kwathu ku Phalombe mbuzi ikasowa mudzi wonse umadziwa dzuwa lisanalowe, choncho ndidaganiza kuti kuno aliyense amakhala payekha.

Ndidapitako mu November 2024 kukaona alamu anga amene ndi khukhi panyumba ina, ndipo amagona m'kanyumba kakuseri. Nthawiyo mafuta agalimoto adali atasowa dziko lonse. Ndalama zakunja zoitanitsira mafuta zidachepa, komanso zionetsero za ku Mozambique, chitachitika chisankho cha pa 9 October, zidasokoneza njira ya ku Beira kumene mathanka ambiri amadzera. Petulo pa pampu adali K2,530 lita, koma anyamata a zigubu ankatchula mtengo womwe mtima wawo wafuna.

Loweruka usiku tikuotha mbaula ndi mlonda wapanyumbapo, bambo wachikulire wa ku Manase, kafoni kake kamabatani kadalira. Adali mphwake wa kabaza: waona thanka ikulowera pa filing'i siteshoni ina cha m'tauni. Mlondayo adakagogoda kukhitchini, kenaka adaimbira mnzake wa geti loyandikana, uyonso adaimbira wina. Sipadathe mphindi khumi, mageti amene tsiku lonse adali chete adayamba kutsekuka motsatizana, galimoto zikutuluka ngati ngumbi mvula ikagwa.

"Aphunzitsi," adandiuza akuseka, "abwanawa ali ndi gulu lawo la mafuta pa WhatsApp, koma nkhani imafikako ife titaitafuna kale."

Apa ndidazindikira kuti chimene chimalumikiza nyumba zimenezi si eni ake okha ayi. Ndi anthu amene mbandakucha amayenda wapansi kuchokera ku Manase, Nancholi ndi Chilobwe kudzalondera, kuchapa ndi kusesa. Iwo amadziwana kumpingo, kumaliro ndi ku banki mkhonde, ndipo mbiri imayenda nawo limodzi.

Dalaivala adandipempha kuti ndimuperekeze. Tidapeza mzere utakhota kale pakona. M'kanthawi kochepa padamera msika: mayi wa tiyi ndi mandasi, mnyamata wa mazira owiritsa, ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba atayatsa tochi pakatebulo. Nawonso adaitanizana pafoni. Cha m'ma 12 koloko zidamveka kuti thanka ija idabweretsa dizilo yekha. Mukuganiza kuti a petulo adabalalika? Ayi ndithu. Aliyense ankayang'ana mnzake n'kumati ngati uyu sakuchoka ndiye kuti akudziwa kanthu. Bambo wa kumbuyo kwathu adavomera kuti sadalandire uthenga uliwonse. Adangoona mzere n'kuima. Kutatsala pang'ono kucha, wina adawerenga mokweza uthenga wakuti petulo wafika ku Ginnery Corner, ndipo theka la mzere lidathamangira konko popanda wofunsa kuti wauyambitsa ndani.

Zimenezi zidandikumbutsa chaka cha 2017, pamene mphekesera ya anamapopa idabuka ku Mulanje ndi kwathu ku Phalombe mpaka kufika mu Blantyre muno. Idayenda chimodzimodzi, wachibale kuuza wachibale, foni ndi foni, chifukwa munthu sukayikira mawu a mlongo wako. Anthu osalakwa adaphedwa. Ndimawauza ana a Fomu 4 kuti azifunsa gwero la nkhani, koma usiku umenewo inenso ndidatumizira mphunzitsi mnzanga uthenga wa ku Ginnery Corner uja ndisanaone ngakhale dontho.

Chimene chidandiwawa n'chakuti kumudzi sitili m'gulu lililonse la mafuta. Wa chigayo kwathu amamva kuti dizilo adabwera atatha kale, ndiye amagula wa m'zigubu, ndipo mayi wokagayitsa ndowa imodzi ndiye amalipira kusiyanako.

Lamulungu masana ndidakafika ku depoti ya Limbe n'kupeza kuti minibasi zakwera mtengo, makondakitala onse akutchula mtengo umodzi ngati adachita msonkhano. Ndalama zidandiperewera. Mayi akunyumba adakabwereka kwa msungichuma wa banki mkhonde yawo n'kunditumizira pa Mpamba, ndipo ndidafika kusukulu usiku, mayeso a ana ndisanachonge.