Nyama ya munthu mmodzi ku Sandton

Kwathu munthu wodya yekha timamukayikira. Mwina ndi waumbombo, mwina wayambana ndi apabanja pake, apo ayi akudwala. Ngakhale mlendo wongodutsa panjira timamuitana kuti adzasambe m'manja, iye n'kuyankha kuti "zikomo, pitirizani." Ndiwo zikachepa timachepetsa nthuli, anthu sitichepetsa.

Ndiye taganizirani malo amene anawamanga n'cholinga choti aliyense azidya nyama yakeyake, yoyeza pasikelo. Malo otere ngambiri ku Sandton, mumzinda wa Johannesburg, komwe ndakhala ndikuyendetsa galimoto ya abwana kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Pabwalo la Nelson Mandela Square, pomwe pali chiboliboli cha mkuluyu chotalika mamita 6 chomwe anachiimika mu 2004, pazungulira malo odyera okhaokha, ndipo ena mwa iwo amatchuka ndi kuwotcha nyama ya ng'ombe. Zaka zonsezi ine ndinkathera pakhomo: kutsitsa abwana, kenako kukadikira koimika magalimoto ndi buledi wanga.

Mwezi umene ndinamaliza kukhoma malata panyumba ya mayi ku Ntcheu, ndinati nanenso ndikalowe. Wopita naye panalibe. Anzanga atatu omwe ndimakhala nawo ku Cosmo City akanandiseka kuti ndazungulira mutu, komanso kuwalipirira onsewo sindikanakwanitsa.

Mtsikana wolandira alendo anafunsa kuti tilipo angati. Nditati ndili ndekha, anandiperekeza patebulo la anthu awiri cha kukhoma. Posakhalitsa mnyamata woperekera zakudya anadzachotsa mpeni, foloko ndi tambula za mbali inayo. Anachita mwaulemu wonse, komabe zinandikhudza. Kwathu tinazolowera kuwonjezera mbale, osati kuchotsa.

Atandilonjera m'Chingerezi ndinamva lilime lakumudzi.

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

"Ku Mangochi, bwana."

"Ubwanawo tausiyani, ndine dalaivala chabe."

Anaseka chapansipansi. "Mukakhala pampando umenewo ndinu bwana basi."

Ndiye amene ananditsogolera pa ndandanda wa zakudya. Nyama amaitchula potengera malo omwe yachokera pa ng'ombe, rump, sirloin, fillet, T-bone, ndipo pambali pake amalemba kulemera kwake. Anandiuzanso kuti isanawotchedwe imakhala m'chipinda chozizira masabata atatu kapena anayi kuti ifewe. Agogo anga akanamva zimenezi akanati tikudya yowola. Pa kapsedwe ndinapempha yopsa kwambiri, iye n'kundinong'oneza kuti yotero imauma, ndiyese yapakatikati. Ndinamumvera, n'kuitanitsa T-bone ya magalamu 500.

Chilungamo chake, nyama ija inali yokoma. Mpeni unkangolowa ngati ndikucheka papaya. Koma m'mbalemo zinthu zinali zotembenuzika: nyama ndiyo inali nsima, titchipisi tapambali ndiye ndiwo. Hafu ya kilogalamu ngati imeneyi mayi akanaiduladula, kuthira tomato ndi madzi ambiri, banja lonse n'kudya masana, msuzi n'kutsalako wamadzulo.

Apa m'pamene mpando wopanda munthu uja unayamba kudzaza. Nthuli iyi ndi fizi ya mwana wa mlongo wanga. Iyi ndi gawo la thumba la feteleza. Iyi ndi mankhwala a malume omwe uthenga wawo wa pa WhatsApp ndinali ndisanayankhe. Ndalama ya munthu wa ku Joni imakhala ndi eni ake isanafike n'komwe m'thumba, ndipo eni akewo sasowa tikiti ya basi kuti adzakhale nawe patebulo. Foni ndinaiika chafufumimba.

Ine ndimakana zoti munthu amene watumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, akadya thukuta lake tsiku limodzi ndiye kuti wachimwa. Amene amafulumira kutitcha matchona tikangodumphitsa mwezi umodzi sadziwa zomwe timadya kunoko kuti iwo adye. Chinandidabwitsa n'chakuti m'malo onsewo palibe anandiyang'ana kawiri. Patebulo lina panali bambo wachikulire, nayenso yekha, akuwerenga buku uku akumwa vinyo mosatekeseka. Maso omwe ndinkawaopa ndinachita kubwera nawo ndekha kuchokera ku Ntcheu.

Koma pali wina amene amaluza munthu akadya yekha. Ku South Africa ndi mwambo kuwonjezera pafupifupi 10 peresenti pa bilu, yothokoza woperekera zakudya, ndipo ambiri mwa iwo amadalira imeneyi. Tebulo la munthu mmodzi bilu yake imachepa, chonsecho mnyamata wa ku Mangochi uja anayenda maulendo ofanana ndi omwe akanayendera anthu awiri. Nayenso ali ndi ake omwe akudikira kunyanja. Bilu yanga inapitirira R500, ndipo ndinamusiyira R100.

Nyama sindinaimalize. Anandikulungira yotsalayo pamodzi ndi fupa lake. Mawa lake linali Lamulungu, tonse tinali pakhomo. Ndinaidula panayi, kukazingira anyezi ndi tomato, wina n'kuphika nsima. Tili mkati mwa kudya, mmodzi anati, "Koma nyamayi ndiye yofewa, wagula butchala iti?"

Ndinangoti ya ku Sandton, n'kumukankhira fupa.