Nsimbi ya ku Garden, mayeso ya pa Luangwa Bridge

Ukalowa mu Katima Mulilo Road m'mawa, Garden uyamba kuimvela ukalibe kuiona. Ma grinder yalila, nyundo zigunda, ndipo m'mbali mwa mseu mwaimikidwa ma gate, ma window frame, mbaula na ma stand ya matanki ya madzi, vambili vopakidwa red oxide monga vinabadwa kwa mai umodzi. Anthu amabwela kuno akamamanga nyumba. Ine ninabwela na Boxer yanga ya 150, yamene nikali kulipila pang'onopang'ono, na bondo yotupa.

Bondo iyi ninaitenga mu matika ya ku Kanyama. Sipidi inali ya wilibala chabe, koma n'tagwa gear lever inapindika, tanki inalowa mkati, cover ya injini inakalika. Ndalama yamene inaenda kwa makanika inanibaba kupambana bondo. Manje tinali tapangana na anzanga ulendo wa ku Luangwa Bridge, makilomita pafupifupi 230 pa Great East Road, ndipo sininafune kuyambapo popanda crash bar, ija nsimbi yamene imatuluka uku na uku kutsogolo kwa injini kuti honda ikagwa, iyambe ndiyo kugunda pansi.

Ninayamba nazunguluka mu town, m'mashopu ya ma spare. Zopangilatu ziliko, zonyezimila bwino, mtengo wake osati woipa. Koma n'tanyamula imodzi, inapepuka monga mwendo wa mpando wa kusukulu. Ninaibweza.

Ku Garden ninapeza ba mudala bena, ovololo yong'ambika pa mabondo, magalasi yakuda pamphumi. Ninabaonetsa chithunzi mu foni: crash bar yaikulu, yotambalala monga nyanga za ng'ombe, malaiti uku na uku. Banaseka. Ati mwaiche, ufuna kuteteza honda olo ufuna kuimanga gate?

Apa ndiye panayambila sukulu. Banagwada, banaika chala pa frame pansi pa tanki, futi pansi pamene injini imangilidwa ku frame. Ati crash bar igwile apa na apa, na mabauti, osati kuiotchelela ku frame. Yamabauti ikapindika umasula, uongola olo uikapo ina. Yootchelela ikagunda pansi mwamphamvu ingang'ambe frame, ndipo frame ikaonongeka, honda yonse yatha. Futi isatsamile pa cover ya injini, chifukwa ukagwa, nsimbi yamene unagula kuti iteteze injini ndiye izaiphwanya.

Paipi banasankha ya nsimbi yakuda wamba, ya mamilimita 25, khoma yake mamilimita 2. Banatola kachidutswa ka ija yopangila mipando, banakaika pa mwala, nyundo kamodzi chabe, kanaphwatalala monga chitini cha Fanta. Koma chamene chinanidabwitsa n'chakuti yolimba kwambili nayo banaikana. Nsimbi yamene siipindika olo pang'ono imatumiza mphamvu yonse ya kugwa ku frame. Crash bar nchito yake ni kufa m'malo mwa vinthu vodula.

Vya nyanga za ng'ombe vinathela pa tepi. Banapima kuti isapitilile ma handle, chifukwa mu jam ya pa Lumumba Road uzakola bumper ya minibasi, ndipo kondakita sazamvela nkhani. Isatsikenso kwambili, ingakhule pansi ukapendeka pa kona, uko ni kugwa kodzigulila wekha. Bananikhazika pa mpando kuti nione ngati phazi ifika bwino pa brake na pa gear. Banatembenuza handle mpaka kumapeto, kumanja na kumanzele, kuona ngati mudguard siigunda. Banasiyako mpata pa exhaust, na poti makanika afike pa plug na pochotsela oil osamasula chilichonse. Tunthu tung'onotung'ono, koma palibe olo kamodzi kamene nikanakaganizila nekha.

Titangoyamba kudula, malaiti yanaenda. Garden yonse zii. Kwa nthawi yoyamba ninamvela nkhuku ilila mu komboni. Ma welder banakhala pa ma frame yao kuchaya nsolo, ine ninakagula vitumbuwa. Malaiti yatabwela, mseu onse unauka kamodzi monga munthu wadinika switch ya anthu. Nsimbi banaiotchelela pambali, kutali na honda, ndipo banati tsiku lina munthu akafuna kuotchelela pa honda yeniyeni, niyambe nachotsa batile na CDI, apo ayi vya magetsi vingapse. Red oxide, penti yakuda, ma spring washer pa mabauti kuti yasamasuke na kunjenjemela kwa injini. Mtengo tinakambilana monga mwa masiku onse, ine kulila, beve kulila.

Pa Chiweru tinanyamuka kukali mdima. Chongwe tinapita dzuwa ikutuluka, ku Rufunsa tinaima, ninapima mabauti na sipanala, imodzi inali yamasukako. Mu mapili ya Manenekela, pamene mseu uzunguluka na ma truck yatsika yakununkha ma brake, ninakumbuka vamene ba mudala bananiuza potsazikana: pa sipidi ya 80 nsimbi iyi siizakuthandiza, apo ni helmet, jombo na mutu wako. Ninachepetsa moto.

Kugwa kunabwela pamalo pa manyazi. Tafika pa msika wa pa Luangwa Bridge, paja pa nsomba zouma, madengu na mphasa, ninapatuka pa tala kulowa mu tumiyala, ninagwila brake ya kutsogolo, honda pansi. Ba mai bogulitsa nsomba banakuwa, anzanga banafa na kuseka. Mwendo wanga unatuluka bwino mu kampata kamene nsimbi inasiya pakati pa injini na dothi. Tanki ilibe kanthu, gear lever ili pamalo pake. Penti chabe ndiye inachoka, ndipo paipi ya kumanzele inabwelela kumbuyo monga chala chimodzi.

Ba mai baja bananigulitsa nsomba zitatu, ati ya chinayi ni ya pepani. Ninazimanga kumbuyo, tinaenda kukaona mtsinje.