Tisanabwezere Laputopu ku Windows Wakale

Pa zopempha zonse zimene ife aphunzitsi a pakoleji timalandira kwa ophunzira athu pankhani ya makompyuta, chimene chimabwera kaŵirikaŵiri koposa ndi ichi: "Tithandizeni kuchotsa Windows watsopanoyu, tibwezeremo wakale uja." Ena amadandaula kuti laputopu yayamba kuchedwa kuyaka, ena amati ikuwathera mabandulo a intaneti, ndipo ena amangoti zinthu sakuzipezanso pamalo pamene adazizoloŵera. Madandaulo onseŵa ngomveka. Ifenso amene tidayamba ntchito yauphunzitsi tikulembera pa Windows 7 timaudziŵa ukoma wa chida chimene manja adachizoloŵera. Komabe yankho lathu silikhala lofulumira, ndipo m'nkhani ino tifuna kukufotokozerani chifukwa chake.

Tiyambe tamvana za chinthu chimene tikukambachi. Windows ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. Ndiyo imene imalandira zimene zala zathu zikulemba nkuziwonetsa pasikirini, imasunga mafayilo, ndiponso imapatsa malo mapulogalamu ena onse monga olembera makalata ndi oŵerengetsera malikisi. Kampani ya Microsoft idatulutsa Windows 7 mu 2009, Windows 10 mu 2015, ndi Windows 11 mu 2021. Munthu amene akuchotsa wina nkuikamo wina wakhudza maziko a nyumba, ndipo chilichonse chimene chidamangidwa pamwamba pake chimagwedezeka.

Inu aphunzitsi a maŵa mukudziŵa kale zimene timakuphunzitsani za mwana wa Sitandade 4 amene akulephera kuŵerenga. Mphunzitsi wofulumira amalamula kuti mwanayo abwerere ku Sitandade 2. Mphunzitsi wanzeru amayamba wafufuza: kodi mwanayo akuliwona bwino bolodi? Kodi akumva? Kodi wadya kanthu m'maŵa? Kaŵirikaŵiri vuto limapezeka pamalo pamene palibe amene ankaganizira, ndipo mankhwala ake amakhala ongomusunthira mwanayo kutsogolo kwa kalasi. Laputopu nayonso iyenera kufufuzidwa chotero isanagamulidwe mlandu.

Taganizirani za kuchedwa kuja. Windows 11 amafuna RAM yosachepera 4 GB ndi malo osungira zinthu okwana 64 GB, pamene Windows 7 ankayenda ndi RAM ya 2 GB yokha. Choncho nzowona kuti laputopu yokhala ndi RAM yochepa imalemedwa ndi Windows watsopano. Koma pa malaputopu amene tawatsegula limodzi ndi ophunzira athu, ambiri ankachedwa pa zifukwa ziŵiri zina. Choyamba ndi hadi disiki yakale ija yokhala ndi mbale zozungulira m'kati, imene ingathe kuchotsedwa nkuikamo SSD, chosungira chopanda mbali yoyenda chimene chimaŵerenga mofulumira kwambiri. Chachiŵiri ndi gulu la mapulogalamu amene amadziyatsa okha kompyuta ikamayaka, ndipo ameneŵa munthu angathe kuwazimitsa mu Task Manager popanda kulipira tambala. Nkhani ya mabandulo nayo ili ndi chithandizo chake: mukaiuza kompyuta kuti intaneti yanu ndi metered connection, ndiko kuti yolipira molingana ndi muyeso, imaleka kukoka zinthu zikuluzikulu mwachisawawa. Ngakhale batani la Start, limene Windows 11 adaliika pakati, lingabwezedwe kumanzere kumene tidalizoloŵera, ndipo ntchito yake siitenga mphindi ziŵiri.

Tsono tiyerekeze kuti mwafufuza zonsezi koma mtima udakali pa Windows wakale. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Tiyeni tiwaŵerenge matopewo.

Oyamba ndi a chitetezo. Pulogalamu yaikulu ngati imeneyi ili ngati denga la udzu: ngakhale lifoleredwe mwaluso chotani, pakapita nthaŵi limayamba kudontha, ndipo pafunika munthu wokwera pamwamba kukatseka. Anthu opanga mavairasi amakhalira kufunafuna ziboo zoterozo, ndipo eni pulogalamu amatumiza zigamba mwezi ndi mwezi kuti azitseke. Koma ntchito imeneyi ili ndi polekezera. Windows XP adaleka kulandira zigamba pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula makompyuta amene eni ake adalembetsa dongosolo lapadera lowonjezera chaka chimodzi mpaka Okutobala 2026. Munthu wobwerera ku Windows 7 akuloŵa m'nyumba imene wofolera adatsika kale padenga ndipo sadzakweranso. Nawo opanga mapulogalamu ena amatsatira m'mbuyo: Chrome, amene ambiri timatsegulira intaneti, adaleka kukonzedwera Windows 7 kuchiyambi kwa 2023.

Kuti timvetse kukula kwa ngoziyi tikumbukire zimene zidachitika mu Meyi 2017, pamene vairasi yotchedwa WannaCry idafalikira m'maiko oposa 150. Inkatseka mafayilo a munthu nkumulamula kulipira ndalama kuti awatsegule, ndipo ku Britain zipatala zina zidachita kubweza odwala. Makompyuta ambiri ogwidwawo anali a Windows 7 amene anali asanalandire chigamba chimene chidatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Nthaŵi imeneyo chigamba chinalipo, anthu adangochedwa kuchiika. Lero chiboo chatsopano chikapezeka mu Windows 7, mphunzitsi alibe kumene angayembekeze chigamba.

Wina adzati iye saloŵa pa intaneti kaŵirikaŵiri. Koma talingalirani ulendo wa fulashi ya mphunzitsi pa sabata imodzi yokha. Lolemba ili mu kompyuta ya aphunzitsi aakulu, Lachitatu ili kwa wosindikiza mapepala a mayeso kumsika, Lachisanu yabwerekedwa ndi mnzake wa kalasi loyandikana. Tonse tidawonapo vairasi ija imene imabisa mafoda enieni nkusiya zithunzi zake zokha. Laputopu yosatetezeka pasukulu imatenga nthenda kwa ena, nkuigaŵanso kwa anzake onse.

Matope achiŵiri ndi a madilaiva. Chiŵalo chilichonse cha laputopu, kaya ndi chokokera Wi-Fi, chotulutsa mawu kapena pobaya fulashi, chimafuna kapulogalamu kake kakang'ono kotanthauzira pakati pa icho ndi Windows. Laputopu yopangidwa m'zaka zaposachedwa ilibe madilaiva a Windows 7, chifukwa opanga ziŵalozo sadawalembe. Windows 7 sadabadwe ndi dilaiva wa USB 3.0, kotero kuti pa makina ena atsopano ntchito yomuika imaima pakatikati, fulashi yomwe mukuikirayo itasiya kuwoneka. Ndiponso Microsoft idalengeza kuti mapurosesa a Intel a m'badwo wa 7 ndi otsatira ake sadzathandizidwa pa Windows 7, pamene Windows 11 amavomera kuyambira m'badwo wa 8, kupatulapo ochepa chabe, ndipo amafunanso kachiŵalo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Apa inu amene mumagula malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito mutchere khutu: laputopu ya m'badwo wa 7 ili pakati pa zitseko ziŵiri zotseka. Musanapereke ndalama, funsani m'badwo wa purosesa yake. Safunsa adadya phula.

Matope achitatu, amene amatipweteka mtima koposa, ndi a kutayika kwa ntchito. Munthu akakweza kompyuta yake kuchoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11, amapatsidwa masiku 10 oti angathe kubwerera popanda kutaya mafayilo, chifukwa Windows wakale amasungidwa mu foda yotchedwa Windows.old. Masikuwo akatha, fodayo imafufutidwa, ndipo njira yotsala ndiyo kuikamo Windows mwatsopano, kumene kaŵirikaŵiri kumayamba ndi kufomata disiki. Chaka china wophunzira wathu wina, ali pakati pa nyengo yoyeserera kuphunzitsa, adapereka laputopu yake kwa wokonza makompyuta wina kuti amubwezere Windows wakale. Wokonzayo adachita zimene adauzidwa. Laputopu idabwera ikuyaka msanga, koma masikimu a teremu yonse, zikonzero za maphunziro za milungu isanu ndi umodzi, ndi malikisi a ana oposa makumi asanu ndi atatu zinali zitapita. Zikonzero adazilembanso usiku ndi usiku. Malikisi okha ndiwo adasoŵa kolemberanso, ndipo ana aja adachita kulembanso mayeso amene anali atakhoza kale. Iwo sadadziŵe nkomwe kuti mlandu wawo udachokera pa batani limodzi.

Palinso nkhani ya chilolezo. Laputopu yokhala ndi chilolezo chenicheni cha Windows 11 imavomeranso Windows 10 wa mtundu womwewo. Windows 7 amafuna nambala yakeyake, ndipo popeza sagulitsidwanso, okonza ambiri amaikamo wokopera, wothyoledwa maloko ndi anthu osadziŵika. Munthu amene adathyola loko angathenso kusiya khomo lakelake kuseri. Kuwonjezera apo, nkovuta kuimirira patsogolo pa ana nkuwaphunzitsa kukhulupirika pamene chida chathu chophunzitsira nchakuba.

Sitikunena kuti kubwerera m'mbuyo nkolakwika nthaŵi zonse. Sukulu ingakhale ndi pulinta yakale kapena pulogalamu yosungira mayina a ana imene imayenda pa Windows wakale yekha, ndipo ndalama zogulira zatsopano palibe. Pamenepo nkwanzeru kupatula kompyuta imodzi ya ntchito yokhayo, yosalumikizidwa ku intaneti, ndiponso yosalandira fulashi ya aliyense. Koma aliyense wofuna kubwerera achite zinthu mwadongosolo. Ayambe wakopera mafayilo ake onse pamalo aŵiri osiyana, nkutsegula ena mwa iwo pa kompyuta ina kuti atsimikize kuti akopekadi. Ngati disiki idakhomedwa ndi BitLocker, alembe papepala nambala yake yotsegulira. Apite pa tsamba la kampani imene idapanga laputopuyo akawone ngati madilaiva a Windows amene akufunayo alipo, makamaka wa Wi-Fi, ndipo awatenge asanafufute kanthu, pakuti kompyuta yopanda intaneti singathe kudzitengera yokha. Akawapeza kuti palibe, yankho walipeza kale. Pomaliza, asankhe nthaŵi ya tchuti ndiponso tsiku limene magetsi ali odalirika, osati sabata ya mayeso.

Ilipo njira yachitatu imene ophunzira athu ambiri sadaimvepo. Pali mapulogalamu ena oyendetsa kompyuta a m'banja la Linux, monga Linux Mint ndi Lubuntu, amene ngaulere, ngopepuka, ndipo amalandirabe zigamba zawo. Amayenda bwino pa makina amene Windows 11 amawakana, ndipo LibreOffice, imene imayenda pa iwo, imatsegula makalata a Word ndi matebulo a Excel, ngakhale kuti nthaŵi zina maonekedwe a tsamba amasuntha pang'ono. Ubwino wina ngwakuti munthu angathe kuwayesa kuchokera pa fulashi osakhudza chilichonse cha mu disiki yake. Kuzoloŵera kumatenga milungu ingapo, koma amene akukonzekera kuphunzitsa ana zinthu zachilendo tsiku ndi tsiku sayenera kuwopa kukhala wophunzira kwa milungu iŵiri.

Ambiri a inu mudzatumizidwa kusukulu kumene mphunzitsi wokhala ndi laputopu adzakhala inu nokha, ndipo anzanu adzabwera kwa inu ndi funso lomweli. Musadzayankhe mongotsata zimene mtima udazoloŵera. Mudzafunse zinthu zitatu: kodi makinaŵa akudwala chiyani kwenikweni, kodi Windows amene tikufunayo alipo amene akumufolerabe, ndipo kodi ntchito ya ana ili pabwino tisanakhudze kanthu? Laputopu njanu, mudagula ndi ndalama zanu. Koma malikisi, mayina ndi mayeso zimene zili m'menemo nza ana amene makolo awo adakukhulupirirani.