Madisiki a Nkhokwe ya Mawu

Mawu onse a m'dikishonale, pamodzi ndi matanthauzo ndi zitsanzo zake, angakwane m'kafulashi kamodzi. Cholemera ndi zojambulidwa: agogo a ku Katete akulongosola za chinamwali, nkhalamba ya ku Angónia ikutchula mayina a mitengo amene adzukulu ake sakuwadziwanso. Nchifukwa chake mayi amene kagulu kena kosonkhanitsa mawu kanamupatsa udindo wogula madisiki a seva anayamba walekanitsa ziwirizi.

Anzake ankafuna RAID 5, ndipo maganizo awo anali omveka. Dzina la RAID linatchuka ndi pepala la 1988 la David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku Berkeley, amene anasonyeza kuti madisiki angapo otchipa angagwire ntchito ya disiki imodzi yodula. Pa RAID 5 madisiki atatu ndi okwanira, malo otayika ndi a disiki imodzi yokha, ndipo imodzi ikafa zonse zimakhalapobe. Kwa anthu osonkha ndalama m'matumba mwawo, zimenezi n'zokopa.

Mayiyo anakana. Database imalemba pang'onopang'ono tsiku lonse; wina wakonza kalembedwe ka liwu, wina wawonjezera kuti ku Chipata amatero koma ku Ntcheu satero. Kalikonse kakang'ono kotere, RAID 5 imawerenga kawiri ndi kulemba kawiri. Choopsa kwambiri chimadza disiki ikafa. Pomanganso yatsopano, otsalawo amawerengedwa onse kuyambira poyamba mpaka pothera, kwa maola ambiri, ndipo ngati anagulidwa tsiku limodzi amakhala okalamba mofanana. Yachiwiri ikagonja pamenepo, palibe chotsala.

Choncho database anaiika pa ma SSD anayi a RAID 10, awiriawiri ofanana ngati mapasa. Theka la malo limapita, koma mawu olembedwa safuna malo ambiri. Anaumiriranso kuti akhale a mtundu wokhala ndi makapasita omalizitsa kulemba magetsi akathima mwadzidzidzi. Aliyense amene anakhala ku Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, sangafunse chifukwa chake. Zojambulidwa, zimene zimalembedwa kamodzi n'kumangomvetseredwa, zinapita pa madisiki akuluakulu ozungulira a RAID 6, imene imapirira ngakhale awiri atafa.

Mkangano weniweni unabuka pa ndalama zotsala. Ena ankati madisiki achuluka kale. Koma RAID imakopera chilichonse mokhulupirika, cholakwa chomwe: munthu akafufuta fayilo mwangozi, imafufutika pa madisiki onse nthawi yomweyo, ndipo mbala kapena mphezi sizisankha disiki. Agogo ena amene anajambulidwa anatisiya kale, sangajambulidwenso. Anagwirizana zogula disiki ina yapadera, yokoperapo zonse Loweruka lililonse, ndipo imasungidwa kutsidya kwa malire, ku Mchinji.