Embangweni, Kuseri kwa Jenda

Ambiri oyenda pa msewu wa M1 amangoima pa Jenda kugula tomato, anyezi ndi kachewere, n'kupitirira. Koma mutakhotera kumadzulo mungakafike ku Embangweni, m'dera la Inkosi Mzukuzuku.

Malowa anakula ndi mishoni ya Loudon, imene Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902 atasamuka ku Hora. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chikadalipo, pamodzi ndi chipatala ndi sukulu ya ana osamva. Eni dera ndi Angoni, koma pamsika mudzamva Chitumbuka. Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ingoma.

Chimanga ndi nyemba zimachita bwino mvula ikagwa mokwanira. Chosowa ndi manja. Anyamata ambiri ali ku Joni, ndipo m'makomo ambiri khasu latsalira amayi ndi agogo.